Sutikesi yanga sinafike ndipo lero ndi tsiku lachinayi: ndichite chiyani?

Wapaulendo analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, choncho ndabwera kuti amene munakumanapo ndi vuto ngati langali mundiunikire, chifukwa mutu wanga waima.

Ndinanyamuka Lolemba usiku pa ulendo wa kuntchito wa milungu iwiri kunja kwa dziko, ndipo ndinafika kuno Lachiwiri masana. Tikiti yanga ndi imodzi, yopita ndi kubwerera, koma ndege zinali ziwiri za makampani awiri osiyana, ndipo pondilandira sutikesi anandiuza kuti ndikaipeza kumene ndikupita, palibe chifukwa choitengera posintha ndege. Ndege yoyamba inanyamuka mochedwa ndi ola limodzi ndi theka, moti pa bwalo limene tinasinthira ndege ndinachita kuthamanga, ndipo ndinali mmodzi mwa anthu omaliza kulowa m'ndege yachiwiri. Titatera ndinaima pa lamba wa katundu mpaka anthu onse anatenga zawo n'kumapita, lamba anazimitsidwa, koma sutikesi yanga osaoneka.

Ndinapita ku kaofesi ka katundu wosowa kamene kali m'holo momwemo. Mtsikana amene ndinamupeza anandifunsa mtundu wa sutikesi, adiresi ya hotelo ndi nambala ya foni, kenako anandipatsa pepala lokhala ndi zilembo zisanu ndi manambala asanu pamwamba pake, n'kunena kuti adzandiimbira. Lero ndi Loweruka ndipo palibe amene waimba. Nambala ya foni imene ili papepalapo imangoitana osayankhidwa, ndipo nditaimbira kampani imene inandigulitsa tikiti anandiuza kuti nkhaniyi ndi ya kampani yachiwiri.

Mu sutikesimo muli zovala zanga zonse za kuntchito, nsapato, mabuku awiri a zolemba zanga, timphatso ta ana, ndiponso mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi. M'chikwama cha m'manja ndinali ndi mapilisi ochepa amene adzatha Lolemba likubwerali. Ndagula zovala zamkati, bulauzi imodzi, mswachi ndi sopo, koma ndikuopa kugula zambiri chifukwa sindikudziwa ngati ndalamazo zidzabwezedwa.

Ndikupempha mundithandize pa izi. Kodi mwa makampani awiriwa ndi iti imene ndiyenera kuyang'anizana nayo? Kodi sutikesi imatengedwa kuti yatayika pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo amalipira motani? Nanga ikapezeka ine nditabwerera kale kwathu, idzandipeza bwanji?

Wakale wa pa Kauntala analemba kuti:

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakuchitikiranizi. Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yofanana ndi imene munapitayo, ndipo ndiyamba ndi za mankhwala, chifukwa sutikesi ikhoza kudikira koma thupi silidikira. Musayembekezere Lolemba. Pitani lero lomwe kwa dokotala kapena kogulitsira mankhwala mutatenga kapaketi ka mapilisi otsalawo, kuti akaone dzina lenileni la mankhwalawo ndi mlingo wake, popeza mankhwala amodzimodzi amagulitsidwa ndi mayina osiyana m'mayiko osiyana. Lisiti lake mulisunge.

Chinthu chofunika koposa munachichita kale, chimene ndi kulembetsa dandaulo musanatuluke m'bwalo la ndege. Pepala limene anakupatsanilo limatchedwa Property Irregularity Report, mwachidule PIR. Zilembo zitatu zoyambirira ndi chizindikiro cha bwalo limene munatera, ziwiri zotsatira ndi cha kampani ya ndege, ndipo manambala asanuwo ndi a fayilo yanu. Pali nambala inanso imene simunaitchule, koma ndikhulupirira muli nayo. Ili pa kapepala komata kamene anakumatirani pa chiphaso chokwerera ndege kapena kuseri kwa pasipoti pamene ankalandira sutikesi, ndipo ndi yofanana ndi imene ili pa tagi yomangidwa pa chogwirira cha sutikesiyo. Jambulani ndi foni PIR, kapepala komatako, ziphaso zonse ziwiri zokwerera ndege ndi tikiti, ndipo zithunzizo mudzitumizire pa imelo, chifukwa inki ya timapepala timeneti imafufutika msanga tikamakhala m'thumba.

Kuti mumvetse chifukwa chake foni ili zii, ndikufotokozereni mmene kufufuzaku kumayendera. Makampani ambiri a ndege amagwiritsa ntchito dongosolo limodzi la pa kompyuta lotchedwa WorldTracer, limene limayendetsedwa ndi kampani ya SITA. Mmenemo mumalowa mafayilo a mitundu iwiri: a anthu amene alibe katundu wawo, ngati inuyo, ndi a katundu amene wapezeka pa bwalo lina lililonse wopanda mwini. Kompyuta imayerekeza mafayilowa usana ndi usiku. Tagi ikakhala kuti ikadali pa sutikesi, ntchito imakhala yosavuta, ndipo masutikesi ambiri otere amafika kwa eni ake m'masiku awiri kapena atatu. Kwa inu, mmene mwafotokozeramu, n'zachidziwikire kuti munthu munathamanga n'kuipeza ndege yachiwiri koma sutikesi sinathe kuthamanga nanu, ndipo kusintha ndege mothamanga kotereku ndiko kumasiyitsa katundu wambiri kuposa chifukwa china chilichonse. Koma popeza masiku anayi apita popanda uthenga, ndikukayikira kuti mwina tagi inathothoka m'malamba. Zikatero sutikesi imasanduka yopanda dzina, ndipo imadziwika ndi maonekedwe ake ndi zimene zili mkati basi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzilakwira mosadziwa. Munthu amafika pa kauntala atatopa, n'kungonena kuti sutikesi yake ndi yakuda ya matayala, pamene m'nyumba zosungira katundu wosowa masutikesi akuda a matayala ndiwo adzazamo. Choncho lero lomwe khalani pansi mulembe dzina la kampani imene inapanga sutikesiyo, kukula kwake, ngati ndi yolimba kapena ya nsalu, kuchuluka kwa matayala, ndi chilichonse chachilendo monga nsanza yomangidwa pa chogwirira, zipi yosokedwa kapena pamene panakalika. Kenako lembani zamkati, koma musalembe kuti zovala ndi nsapato, chifukwa zimenezo zili m'sutikesi iliyonse. Lembani zinthu zimene mlendo wotsegula sutikesiyo angazizindikire nthawi yomweyo: mabuku anu awiri aja, mtundu wa zikuto zake ndi mawu olembedwa pa tsamba loyamba, dzina la mankhwala, ndi timphatso ta ana kamodzikamodzi. Pakapita masiku pafupifupi asanu, makampani ambiri amachotsa fayilo m'manja mwa a pa bwalo n'kuipereka ku ofesi yawo yaikulu yofufuza katundu, ndipo kumeneko mndandanda umenewu ndiwo amagwirira ntchito. Inu musadikire kuti aupemphe.

Pa funso lanu loyamba, mwambo wa makampani a ndege ndi wakuti kampani imene inakunyamulani komaliza ndiyo imatsegula fayilo, kufufuza ndi kukubweretserani katundu, ngakhale kulakwa kutakhala kwa kampani yoyamba. Zogawana mlandu amakambirana okhaokha pambuyo pake. Dziwaninso kuti mtsikana amene munamupeza uja mwina si wa kampani ya ndegeyo, koma wa kampani ina yolembedwa ntchito yosamalira katundu wa ndege zambiri pa bwalopo, ndipo anthu awiri kapena atatu amakhala akulandira okwera a ndege zonse kwinaku foni ikulira. Sindikuikira kumbuyo kusayankhako, koma ndikufuna musataye tsiku lonse pa foni. Lowani pa webusaiti ya kampani yachiwiriyo, pezani tsamba la katundu wochedwa, ndipo mulembepo dzina la bambo anu monga lilili pa tikiti pamodzi ndi nambala ya PIR. Mudzaona zimene analemba za sutikesi yanu, ndipo ngati analakwitsa mtundu, nambala ya tagi kapena nambala ya foni, zimene zimachitika kawirikawiri, mukonzetse msanga.

Mukapeza munthu wolankhula naye, musamufunse kuti sutikesi yanga ili kuti, chifukwa adzangoyankha kuti tikufufuza. Mufunseni kuti tagi yanu inawerengedwa komaliza pa bwalo liti, tsiku liti ndi nthawi yanji. Kuyambira mu Juni 2018, lamulo lotchedwa Resolution 753 la IATA, bungwe la makampani a ndege a padziko lonse, limafuna kuti makampani amene ali mamembala ake azilemba pamene katundu wadutsa pa malo anayi: polandiridwa kwa mwini wake, pokwezedwa m'ndege, posamutsidwira ku ndege ina, ndi pobwezedwa kwa mwini wake. Si mabwalo onse amene amachita zimenezi mokwanira, komabe funso limeneli limamukakamiza munthu kutsegula fayilo n'kuyang'anadi.

Za kubwerera kwanu musade nazo nkhawa, malinga muwadziwitse. Mu fayilo muli malo a adiresi yongoyembekezera pamodzi ndi tsiku limene mudzachokepo, ndi malo a adiresi yokhazikika. Onetsetsani kuti zonse zalembedwa. Sutikesi ikapezeka amaimanga tagi yatsopano yolembedwa RUSH n'kuikweza ndege yopanda mwini wake, ndipo ikhoza kutumizidwa ku bwalo la kwanu mmalo mwa kumene muliko. Chokhacho chimene chimachedwetsa ndi a kasitomu, chifukwa m'mayiko ena salola kuti katundu atuluke popanda fomu yosainidwa ndi mwini wake, kapena amafuna mwini wakeyo abwere yekha. Funsani ngati fomu yotereyi ikufunika. Za malipiro ndisiyira odziwa malamulo, koma chimene ndinkauza anthu pa kauntala n'chakuti zinthu zodula monga kompyuta, ndalama ndi ndolo za golide makampani salipira zikakhala m'sutikesi.

Wowerenga Malamulo analemba kuti:

Achemwali, bambo amene ayankha pamwambawa afotokoza bwino za kufufuza, ndipo ine ndiwonjezera za ufulu wanu, chifukwa pepala la PIR lija anthu ambiri amaliyesa kalata yopempha malipiro pamene sichoncho. PIR imangochitira umboni kuti munanena za kusowa kwa katundu ndipo kufufuza kunayamba. Pempho la ndalama limalembedwa palokha, ndipo lili ndi masiku ake.

Maulendo ambiri a ndege odutsa malire a mayiko amayendera Pangano la Montreal la mu 1999, limene linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2003 ndipo mayiko oposa 130 analowamo. Popeza tikiti yanu ndi yopita ndi kubwerera, malamulo amaona kuti ulendo wanu unayambira ndipo udzathera m'dziko lanu, choncho chofunika kufufuza n'chakuti dziko lanulo lili m'panganoli kapena ayi. Ngati mulibe, mwina mukuyendera pangano lakale la Warsaw la mu 1929, limene limawerengera malipiro potengera makilogalamu a sutikesi, ndipo ndalama zake zimakhala zochepa kwambiri. Maulendo a m'dziko limodzi amayendera malamulo a dzikolo ndi mfundo za pa tikiti. Zimene ndilembe m'munsimu ndi za Pangano la Montreal.

Ndime 17 ya panganoli imati kampani ikavomera kuti katundu watayika, kapena katunduyo akapanda kufika pakatha masiku 21 kuchokera tsiku limene anayenera kufika, mwini wake ali ndi ufulu wofuna malipiro. Kwa inu masikuwo anayamba kuwerengedwa Lachiwiri lija. Kampani ikhoza kupitiriza kufufuza kupyola pamenepo, koma singakuuzeni kuti muzingodikira mpaka kalekale.

Ndime 31 ndiyo imagwetsa anthu ambiri, ndipo imagwira ntchito sutikesi ikapezeka. Ikafika itawonongeka, kapena zina zamkati zitasowa, muyenera kudandaula pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku limene mwailandira. Pa zimene mwawononga chifukwa cha kuchedwa kwake, monga zovala ndi mankhwala mukugulazo, muyenera kudandaula pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku limene sutikesi yaperekedwa kwa inu. Madandaulo onsewa panganoli limati akhale olembedwa. Kuimba foni, ngakhale mutaimba kakhumi ndipo munthu wa mawu okoma atakulonjezani zambiri, sikuwerengedwa. Masikuwa akadutsa musanalembe, khomo la kukhoti limatsekeka, kupatula ngati kampaniyo inachita chinyengo. Ndipo ngati zinthu zitafika poti n'kukasuma, ndime 35 imapereka zaka ziwiri zokha kuchokera tsiku limene munafika kapena munayenera kufika.

Kunena za kuchuluka kwa ndalama, malire ake sawerengedwa m'ndalama za dziko lililonse koma mu muyezo wa bungwe la IMF wotchedwa SDR, umene mphamvu yake imachokera ku ndalama zisanu: dola ya ku America, euro, renminbi ya ku China, yen ya ku Japan ndi paundi ya ku Britain. Pamene panganoli linkayamba malirewo anali 1,000 SDR, ndipo amaunikidwanso zaka zisanu zilizonse. Mu 2009 anakwera kufika pa 1,131, mu 2019 pa 1,288, ndipo kuyambira pa 28 Disembala 2024 ali pa 1,519 SDR, zimene ndi pafupifupi madola 2,000 a ku America. Mumvetse zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, malirewa ndi a munthu mmodzi, osati a sutikesi imodzi, ndipo akuphatikiza kutayika, kuwonongeka ndi kuchedwa komwe. Chachiwiri, si ndalama imene aliyense amangopatsidwa, koma ndi denga. Mumalipidwa zimene mwasonyeza kuti mwataya, ndipo makampani amakonda kuchotsera mtengo wa zinthu potengera zaka zimene mwazigwiritsa ntchito. Munthu amene akudziwa kuti wanyamula katundu woposa denga limeneli ali ndi mwayi wonena mtengo wake polembetsa sutikesi n'kulipira kandalama kapadera, koma zimenezi zimachitika ulendo usanayambe.

Choncho gulani zimene mukufunikiradi, ndipo musadzizunze. Munthu amene wapita ku ntchito ya milungu iwiri sangakhale ndi bulauzi imodzi. Zovala zingapo zoyenera ntchito imene mwapitira, nsapato, zosambira ndi mankhwala ndi zinthu zimene munthu aliyense woganiza bwino angavomereze kuti zinali zofunika, pamene zovala zapamwamba zoposa zimene mumavala masiku onse adzazikana. Lisiti lililonse likhale losonyeza tsiku ndi dzina la chinthu, ndipo mulijambule. Makampani ena amabweza theka lokha la mtengo wa zovala ponena kuti mudzapitiriza kuzivala, koma imeneyo ndi mfundo ya kampani, si mawu a panganoli, ndipo mukhoza kuitsutsa mwaulemu m'kalata.

Yankho limene inakupatsani kampani yoyamba silokwanira. N'zoona kuti yofufuza ndi yachiwiri, koma ndime 36 imati pa ulendo umodzi wa makampani otsatizana, mwini katundu akhoza kufuna malipiro kwa kampani yoyamba, kwa yomaliza, kapena kwa imene katundu anasowera m'manja mwake, ndipo onsewa amasenza mlanduwo pamodzi. Langizo langa n'lakuti kalata yanu ipite kwa yachiwiri, koma yoyamba ilandirenso kope lake tsiku lomwelo.

Mphunzitsi Wopuma analemba kuti:

Mwanawe, ndikutchula choncho chifukwa ndikuganiza kuti ndine wamkulu kwa inu, mverani zimene mayi a malamulowa anena za kulemba, chifukwa ine zinandiona. Zaka zingapo zapitazo ndinapita kukaona mdzukulu wanga wobadwa kumene, ndipo sutikesi yanga inatsalira m'njira. Unali usiku, mzere wa ku ofesi ya katundu unali wautali, mwana wanga ankandidikira panja, ndipo wantchito wina wovala yunifolomu anandiuza kuti ndipite ndikapume, sutikesi ibwera ndi ndege ya mawa. Ndinamukhulupirira n'kutuluka wopanda pepala lililonse. Mawa lake anandikaniza kulowanso m'holo ya katundu, ndipo panapita masiku atatu kuti fayilo itsegulidwe, atayamba andifunsa mafunso ngati kuti ndikunama.

Sutikesi inafika tsiku lachisanu ndi chinayi, tayala limodzi litathyoka, zipi itang'ambika, ndipo jekete yanga ndi nsapato zatsopano mulibe. Ndinaimba foni tsiku lomwelo ndipo anandiyankha bwino kwambiri, kuti zonse azilemba ndipo adzandiimbira. Ndinaimbanso kawiri. Nditabwerera kwathu patatha milungu isanu ndi pamene ndinalemba kalata, ndipo yankho linabwera la mizere itatu, lakuti nthawi yodandaula inadutsa ndipo palibe cholembedwa chosonyeza kuti ndinanenapo kale. Sindinalandire kalikonse. Chimene chimandipweteka mpaka lero si jeketeyo, koma kuti ndinali ndi cholembera ndi pepala masiku onsewo.

Ndiwonjezere chimodzi chimene anzangawa sanatchule. Popeza ulendo wanu ndi wa kuntchito, funsani abwana anu ngati anakugulirani inshuwalansi ya paulendo, ndipo ngati tikiti inalipidwa ndi khadi la kubanki, funsaninso ngati khadilo lili ndi chitetezo cha katundu. Inshuwalansi zambiri zimalipira zogula mwadzidzidzi katundu akachedwa kupyola maola amene analembedwa m'pangano lake, ndipo nthawi zina zimalipira msanga kuposa kampani ya ndege. Nawonso amafuna PIR ndi malisiti, ndipo ali ndi masiku awo odziwitsira, choncho auzeni tsopano. Muwauze zoona za ndalama zimene kampani ya ndege yakubwezerani, chifukwa chinthu chimodzi sichilipidwa kawiri.

Kuyambira nthawi imeneyo mankhwala, magalasi ndi zovala za tsiku limodzi ndimaika m'chikwama cha m'manja, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndimaikanso pepala la dzina langa ndi nambala ya foni mkati mwa sutikesi, pamwamba penipeni pa zovala.

Wowerenga Malamulo analembanso kuti:

Bambo a pa kauntala, ndikupempha kusiyana nanu pang'ono pa mawu anu omaliza, akuti zinthu zodula salipira. N'zoona kuti mfundo za pa tikiti za makampani ambiri zimanena choncho, ndipo n'zimene antchito amaphunzitsidwa kuyankha. Koma ndime 26 ya Pangano la Montreal imati mfundo iliyonse imene cholinga chake ndi kuchotsera kampani udindo, kapena kutsitsa malire a malipiro kuposa amene panganoli laika, ndi yopanda mphamvu. Kampani ikalandira sutikesi pa ulendo umene ukuyendera panganoli, singangonena kuti kompyuta kapena kamera imene inali mkati siikuikhudza.

Komabe sindikulimbikitsa munthu kuika zinthu zoterezi m'sutikesi. Denga lija silisuntha ngakhale kompyutayo ikhale yodula motani, umboni wakuti munali ndalama kapena golide ndi wovuta kuupeza, ndipo kampani ikhoza kunena kuti mwini wake anachita mosasamala, zimene panganoli limalola kuti zichepetse malipiro. Chimene ndikufuna achemwaliwa adziwe n'chakuti polemba mndandanda wa zotayika asasiye kanthu chifukwa choti wina wawauza kuti sikalipidwa. Alembe zonse moona, chaka chimene anagula ndi mtengo wake, ndipo kampani ikakana ikane polemba ndi kupereka chifukwa. Yankho likakhala losakhutiritsa, akhoza kukadandaula ku bungwe loyang'anira za ndege kapena loteteza ogula m'dziko limene nkhaniyi ikukhudza, asanaganize za khoti.

Wapaulendo analembanso kuti:

Ndabweranso kudzathokoza nonse ndi kukuuzani mmene zayendera. Loweruka lomwelo ndinaonana ndi dokotala ndipo mankhwala ndinapeza. Nditatsegula fayilo yanga pa intaneti monga munanenera bambo, ndinapeza kuti nambala yanga ya foni inalembedwa mopanda nambala yoyambira ya dziko, ndipo sutikesi yanga, imene ndi yabuluu wodera, inalembedwa kuti ndi yakuda. Ndinakonza zonsezo n'kutumiza mndandanda wa zamkati, ndipo ndinafotokoza za buku langa la chikuto chobiriwira limene pa tsamba loyamba ndinalembapo dzina langa ndi chaka.

Dzulo madzulo, tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndalandira imelo yakuti sutikesi yapezeka pa bwalo limene tinasinthira ndege, ilibe tagi, ndipo anaizindikira ndi buku lomwelo. Akuti yakwezedwa ndege ya usiku ndipo munthu wa galimoto aibweretsa ku hotelo mawa m'mawa. Mtima wanga wakhala pansi, ngakhale sindikhulupirira kwenikweni mpaka nditaigwira ndi manja. Malisiti onse ndawajambula, a inshuwalansi ya kuntchito ndawadziwitsa, ndipo kalata yopempha kubwezeredwa ndalama ndailemba kale, yangotsala kuikapo tsiku lolandirira sutikesi.

Ndatsala ndi funso limodzi. M'imeloyo akuti wobweretsayo adzandipatsa pepala loti ndisaine, ndipo ngati ndidzakhale kulibe akhoza kusainitsa a pa hotelo. Popeza m'mawa ndimakhala ku msonkhano, kodi ndingalole kuti a pa hotelo andilandirire?

Wakale wa pa Kauntala analembanso kuti:

Mayi, ndakondwa nanu, ndipo mayi a malamulo ndavomera kuwongola kwanu, chifukwa ife tinkangonena zimene zinalembedwa m'buku la kampani.

Ngati n'kotheka pemphani chilolezo ku msonkhano mulandire nokha. Kulandira katundu popanda kudandaula kumatengedwa ngati umboni woyamba wakuti wafika bwino, ndipo sutikesi imene yakhala sabata yopanda tagi yadutsa m'manja ambiri ndiponso yatsegulidwa ndi amene anaona buku lanu lija. Musanasaine, ijambuleni mbali zonse pamodzi ndi tagi ya RUSH, yesani matayala, chogwirira ndi zipi, ndipo muitsegule wobweretsayo ali pomwepo n'kuyerekeza zamkati ndi mndandanda wanu. Adzakhala pa changu chifukwa amakhala ndi masutikesi ena m'galimoto, koma mphindi zisanu akhoza kudikira. Mukaona chothyoka kapena chosowa, lembani pa pepala lakelo pamwamba pa saini yanu, lembaninso tsiku ndi nthawi, kenako mulijambule musanamubwezere.

Zikakanika ndithu kuti mukhalepo, uzani a pa hotelo kuti asaine atalemba mawu akuti alandira osatsegula, ndipo aike tsiku ndi nthawi. Inu mukafika madzulo muitsegule pamaso pa mmodzi wa iwo. Masiku 7 a zowonongeka ndi masiku 21 a malisiti aja muyambe kuwawerenga kuyambira mawa, osati tsiku limene mudzafike kwanu, choncho imelo yanu ipite mawa lomwelo musanagone, ndipo musunge uthenga wosonyeza kuti yalandiridwa. Pobwerera, chotsani tagi ya RUSH ndi timapepala tonse takale tomatidwa pa sutikesi musanaipereke pa kauntala.